Mutu 7: Ana a Padzuwa ndi Ana a Mumthunzi

1. Wenzulo wolira kawiri

Pa sukulu ya mkaka imene Kamphepo ankagwirako ntchito panali bwalo limodzi ndi mtengo umodzi. Mtengowo unali wa masamba ambiri, ndipo mthunzi wake unkaphimba mbali imodzi ya bwalolo. Mbali inayo kunali mchenga wokhawokha, umene nthawi yotentha unkawotcha ngakhale munthu wovala nsapato.

Kamphepo anali mtsikana wongomaliza kumene sekondale. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa cha liwiro. A Madamu, eni sukuluyo, anamulemba kuti aziphunzitsa ana masewera olimbitsa thupi, koma anamuuza poyera kuti akumuyesa kaye. Akachita bwino mpaka potseka teremu, ntchitoyo ikhala yake. Akalakwitsa, atsikana ofuna malowo ndi ambiri.

Tsiku loyamba a Madamu anamuveka wenzulo m'khosi, namuuza mmene ntchito imayendera. Ukaliza kamodzi, ana aima pamzere. Ukaliza kawiri, ana agawikana okha. Oyererako khungu apita pansi pa mtengo kukaponyerana mpira wopepuka. Akuda apita kumchenga kukathamanga ndi kudumpha matayala.

Kamphepo anafunsa chifukwa chake. A Madamu anayankha kuti mwana wa zaka zinayi sasunga nambala m'mutu, kumanja ndi kumanzere amasokoneza, koma khungu lake amalidziwa. Anawonjezera kuti makolo ena amadandaula mwana akabwera kunyumba atada ndi dzuwa.

"Enawo alibe vuto," anatero akuseka. "Sangadenso kuposa pamenepo."

Kamphepo mwini wake anali wakuda bii. Anangoti chabwino, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankaliza kawiri.

Masiku a mitambo okha ndiwo anali osiyana. Popeza kunalibe dzuwa loliopa, a Madamu sankasamala zogawa ana. Tsiku lina lotere Kamphepo anapeza ng'oma yakale m'chipinda chosungira katundu. Ogwira ntchito yosesa ankaikapo ndowa. Anaipukuta, naiwamba pang'ono pa mbaula ya kukhitchini, ndipo anaphunzitsa anawo sewero lozungulira atagwirana manja. Iye ankafunsa, anawo n'kumayankha akudumpha. Anawo analikonda kwambiri, moti kukacha kuli mitambo ankamukoka siketi kumufunsa za ng'oma.

Koma nyengo ya mitambo inatha.

2. Mapasa

M'kalasi ya ana aang'ono munali mapasa, onse atsikana. Anthu ankawatchula Kamkulu ndi Kamng'ono. Kamkulu anatengera bambo ake, anali wakuda. Kamng'ono anatengera mayi ake, anali woyererako. Ankabwera atagwirana manja, kudya atagwirana manja, ngakhale kuchimbudzi aphunzitsi ankachita kuwalekanitsa.

Wenzulo akalira kawiri, Kamng'ono ankapita kumtengo, Kamkulu kumchenga. Masiku oyamba onse awiri ankalira. Kenaka anazolowera.

Tsiku lachisanu, kutatsala tsiku limodzi kuti makolo abwere kudzaonera masewera a ana awo, kunatentha kwambiri. Atamaliza kukonzekera, Kamphepo anatengera ana kumpopi kuti akamwe madzi. Kapu inali kuyenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Kamkulu anamwa, napatsira mng'ono wake. Kamng'ono anabisa manja kumbuyo. Anati samwera kapu imeneyo, imudetsa.

Ana ena anaseka. Kamkulu sanalire. Anaika kapuyo pansi bwinobwino, nabwera kwa Kamphepo.

"Anti, kodi ine ndinapsa kale?"

Kamphepo ananjuta, nayandikitsa mkono wake pa mkono wa mwanayo. Anamuuza kuti sanapse, khungu lake ndi labwino, ndipo ndi lofanana ndi la Anti.

"Nanga bwanji kumtengo sindipitako?"

Nthawi yomweyo belu linalira. Mwanayo anadikira pang'ono, kenaka anathamangira m'kalasi.

3. Pa makina a azakhali

Kamphepo ankakhala ndi azakhali ake, amene anali atelala. Iwo ndiwo ankasoka mayunifolomu a sukuluyo, ndipo ndiwonso anamupemphera ntchito kwa a Madamu. Masana amenewo anawapeza pakhonde akupinda timaliboni tachikasu timene ana a kumtengo anayenera kuvina nato mawa lake.

Anasintha zovala, nakhala pamkeka kuwathandiza kudula ulusi. Kenaka anawauza za kapu ija. Anamaliza ndi kunena kuti mawa sakufuna kuliza wenzulo kawiri.

Makina anaima. Azakhali anavula magalasi.

"Tamvera, mwana wa achimwene," anatero. "Ine ndinatha nsapato kupita kwa a Madamu kukakupemphera malo amenewo. Ndinawauza kuti ndiwe mwana womvera, wosayankha akulu. Iwe ukuganiza kuti zimenezi wayamba kuziona ndiwe? Ine ndili mtsikana ndinakafunsa ntchito m'sitolo ina ya zovala. Mwini wake anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundiuza kuti kutsogolo amaikako atsikana owala, ine ndingakhoze kumasita kuseri. Sindinalire pagulu. Sindinakangane ndi munthu. Ndinaphunzira makina awa, ndipo ndi amene akukudyetsa lero.

"Dziko silisinthidwa ndi mtsikana wa wenzulo. Makolo amene ukuwamvera chisoniwo, ukachotsedwa ntchito palibe ndi mmodzi yemwe adzakugulire sopo. Adzati pepani, n'kukwera galimoto zawo. Teremu yatsala pang'ono. Tseka pakamwa, liza wenzulo wakoyo, ntchito ikhale yako. Ukadzakhala ndi sukulu yako udzawaike onse pansi pa mtengo, ngakhale m'mwamba mwa mtengomo ukafuna. Anawo ndi aang'ono. Adzakula, adzaiwala."

Kamphepo anayang'ana manja a azakhali ake pa nsaluyo. Nkhope yawo inali yoyera ndi mafuta oyeretsa khungu amene ankadzola m'mawa uliwonse, koma mfundo za zala zinakana, zinali zakuda ndithu.

"Inu munaiwala, azakhali?"

Azakhali anavalanso magalasi. Anapalasa makina mwamphamvu mpaka ulusi unaduka. Anangomuuza kuti atole zidutswa zimene zagwa pansizo, chifukwa mphepo iziulutsira kwa aneba.

4. Tsiku la makolo

Loweruka kunacha kopanda ndi kamtambo komwe. Pambali pa mtengo anazika tenti, nayala mipando. Makolo anadzaza, ena mpaka anaima kumbuyo. A Madamu anavala nsapato zazitali, ndipo anali ndi maikolofoni m'manja.

Pulogalamu inali yoti ana a kumtengo avine ndi timaliboni patsogolo pa makolo, nyimbo ikuchokera pa sipika. Nthawi yomweyo ana a kumchenga azipikisana liwiro uko kumapeto kwa bwalo.

Pampando wakutsogolo panali mayi wina amene ogwira ntchito ankamutchula kuti mayi wa ambulera, chifukwa sankayenda popanda ambulera, kaya kugwe mvula kaya kusagwe. Anali ndi ana atatu pa sukulupo, ndipo ndiye ankatsogolera kudandaula za dzuwa. Mwana wake wotsiriza, amene ankamutchula Bwana Wamng'ono, anali m'gulu la Kamphepo.

A Madamu anadutsa pafupi ndi Kamphepo akumwetulira makolo. Osatembenuza mutu, anamunong'oneza kuti lero asawachititse manyazi.

Kamphepo analiza kamodzi. Ana anaima pamzere, tinsapato tawo titapukutidwa. Kumbuyo kwa tenti anaona azakhali ake atanyamula jumbo ya timaliboni, akudikira kuti atigawe.

Anaikanso wenzulo pakamwa. Anakoka mpweya.

Mapasa anali pakati pa mzere. Wenzulo anali asanalire, koma Kamng'ono anali atachotsa kale dzanja lake, ndipo Kamkulu anali atatembenukira kale kumchenga. Kumbuyo kwake ana ena akuda anachitanso chimodzimodzi. Palibe anawauza. Ankangodikira kulira kwa wenzuloyo.

Kamphepo anatsegula pakamwa, wenzulo nagwera pachifuwa.

Anauza anawo kuti asasunthe, ndipo anathamanga. Makolo anaona fumbi lokha. Asanafunsane kuti chachitika n'chiyani, anali atabwerera ng'oma ili m'khwapa.

Ana atangoiona anayamba kudumpha. Sanadikire kuuzidwa. Aliyense anagwira dzanja la amene anali naye pafupi, nakoka mpaka bwalo lawo linakula. Theka linali mumthunzi, theka padzuwa. Kamphepo anaima pakati, napanira ng'oma m'miyendo.

"Ticha," anatero a Madamu pa maikolofoni, mawu ali ofewa. "Pulogalamu."

Kamphepo anamenya ng'oma.

Ana anayamba kuzungulira. Amene anali mumthunzi anatulukira padzuwa, amene anali padzuwa analowa mumthunzi, kenaka n'kutulukanso. Iye anakweza mawu kufunsa monga ankachitira masiku a mitambo.

"Miyendo iyi munaitenga kwa yani?"

"Kwa agogo athu."

"Tsitsi ili?"

"Kwa agogo athu."

"Nanga khungu ili?"

"Kwa agogo athu."

"Agogo athu ndi a kuti?"

"A mu Afirika!"

Poyankha lomalizali ankadumpha onse pamodzi n'kugwa ndi miyendo iwiri. Kenaka Kamphepo anawauza za agogo amene ankathamanga mitunda italiitali kukapereka uthenga, ndipo ana anathamanga pamalo amodzi mawondo m'mwamba. Anawauza za agogo osula zitsulo, ana naponya mikono ngati akumenya nyundo. Anawauza kuti mwa agogowo munali akuda bii, munali ofiirira, munali oyererako, koma onse ankavinira ng'oma imodzi.

A Madamu anakodola mnyamata wa sipika. Nyimbo inayamba, ndipo anamuuza akweze. Phokoso linadzaza bwalo lonse. Ana ena anasokonezeka, nayang'ana kutenti. Kamphepo anamenya mwamphamvu koposa. Zikhato zinayamba kuwawa ngati wagwira mpoto wamoto, koma sanasiye. Ana anatsata ng'oma.

Apo mayi wa ambulera anaimirira. Anatambasula ambulera yake, nayenda molunjika mpaka pamchenga pamene Bwana Wamng'ono ankadumpha thukuta lili kamukamu. Anamugwira pamkono. Mwanayo anakana, nati akusewera. Mayiyo anamukoka, namuika pansi pa ambulera, ndipo podutsa anauza Kamphepo mokweza kuti mwana wake sanamubweretse kudzawambidwa.

Bwalo la ana linaduka, ndipo onse anaima. Bwana Wamng'ono ndiye anali atalowa pakati pa mapasa pogwirana manja paja. Tsopano mbali iyi kunali Kamkulu, mbali iyo Kamng'ono, pakati pali mpata.

Kamkulu anatambasula dzanja. Kamng'ono analiyang'ana. Anayang'ananso dzanja lake, kenaka kutenti kumene kunali makolo.

Kamphepo anachepetsa ng'oma, n'kumagogoda ndi nsonga za zala. Mnyamata wa sipika, osauzidwa ndi munthu, anali atatsitsa nyimbo. M'tenti munali zii.

Kamng'ono anasendera, nagwira dzanja la mkulu wake.

Ng'oma inalira, bwalo linazunguliranso. Makolo ena anaomba m'manja. Ena anakhala chete nkhope zili gwa, ndipo amayi angapo anaitana ana awo kuti abwere adzakhale pamiyendo. Kumbuyo kwa tenti azakhali anali atayang'ana pansi, jumbo ya timaliboni isanamasulidwe.

5. Mu ofesi

Zonse zitatha, makolo akumwa zoziziritsa kukhosi, a Madamu anaitana Kamphepo ku ofesi. Anatseka chitseko, navula nsapato zazitali zija, nakhala pansi. Sanakalipe.

"Mtsikana iwe, ukuganiza kuti ine ndine chilombo," anatero. "Sukulu ino ndinaiyamba m'galaja, ndi ana ochepa ndi mkeka umodzi. Maso a anthu sindinawalenge ine. Ndinawapeza ali choncho. Mayi wa ambulera uja akachotsa ana ake, sachoka yekha. Atengana ndi anzake a kutchalitchi, a kusaluni, onse. Ndiye ophika ndiwauza chiyani? Alonda ndiwauza chiyani? Iwe waimba ng'oma kanthawi kochepa, anthu akuombera m'manja, wamva kukoma. Mawa amene anaombawo sadzakhalapo. Ndidzatsala ndine ndi mipando yopanda ana.

"Ndiwe mphunzitsi wabwino, zimenezo ndaziona. Ana amakukonda. Koma wantchito amene amasintha pulogalamu pamaso pa alendo ndi woopsa kuposa waulesi. Lero wasintha masewera, mawa usintha chiyani? Chifukwa cha azakhali ako ndikupatsa mpata umodzi. Mayi uja akadali panja, ali m'galimoto. Pita ukagwade, ukanene kuti unasokonezeka ndi mantha. Lolemba uyambirenso monga mwa masiku onse. Ukatero, nkhaniyi yathera pano ndipo ntchito ndi yako, sindidikiranso kutha kwa teremu."

Kamphepo anayankha kuti kukapepesa chifukwa chosintha pulogalamu osawauza, angathe. Anafunsa ngati angaloledwe kumagawa ana mwa njira ina, kapena kumawasinthanitsa kuti aliyense azikhalako mumthunzi.

A Madamu anapukusa mutu. Anati zimenezo anaziyesapo kale, ndipo madandaulo sanathe. Lolemba zikhale monga mwa masiku onse.

Kamphepo anayang'ana panja. Kudzera pawindo ankaona galimoto ya mayi uja, injini ikulira, galasi lotsitsa pang'ono. Kuchokera pakhomo la ofesi kukafika pamenepo sipanali patali.

Anakweza manja, navula chingwe m'khosi. Zikhato zinali zotupa, moti wenzulo anamupulumuka n'kugubuduzika patebulo mpaka anagunda kapu ya a Madamu.

"Zikomo pondilemba ntchito," anatero.

A Madamu anatenga wenzuloyo, namuponya mu dirowa. Anamuuza kuti potuluka atseke chitseko.

6. Pageti

Panja anthu anali atayamba kuchepa. Anyamata ankagwetsa tenti. Kamphepo anatenga kachikwama kake, nadzera kuseri kwa makalasi kuti ana asamuone.

Pageti anapeza azakhali ake akumudikira. Azakhali anayang'ana pachifuwa pake, naona kuti palibe kanthu. Anangoti tiye.

Asanatuluke, bambo wina anawaimitsa mwaulemu. Anali wamtali, wakuda, atavala ovololo ya ku galaja yokhala ndi madontho a oilo. Mapasa anali atamugwira miyendo, wina uku wina uku. Anati ndi amakaniko, bambo wa awiriwa, ndipo anachita kuthawa ntchito kuti adzaonere.

Anafotokoza kuti pamene ng'oma inkalira, mayi amene anakhala naye pafupi anamuuza mmene ana amagawidwira masiku onse. Iye sankadziwa. Atafunsa ophika, anaseka n'kulowa m'khitchini. Atafunsa alonda, anati iwo amangoona za pageti.

"Ine ndili m'komiti ya makolo," anatero. "Mawa masana tikumana m'kalasi yaikulu ija, a Madamu aliponso. Akakana kuti zimenezi sizichitika, palibe wantchito amene angawatsutse. Inu ndinu munagwira wenzulo. Mungabwere kudzanena zimene mukudziwa?"

Kamphepo asanayankhe, azakhali anamukokera pambali. Analankhula motsitsa, koma mawu aliwonse ankamveka.

"Ntchito yako wataya, imeneyo ndi yako, ndakhala chete. Koma mayunifolomu a sukulu ino ndi amene amatisunga m'nyumba muja. Ukakaima pamaso pa anthu n'kutchula a Madamu, mawa lomwelo makina anga aima. Ndinakulera ine bambo ako atatisiya, sindinakuwerengere chilichonse. Lero ndikukupempha chinthu chimodzi. Ukakaponda pamsonkhano umenewo, uyambe wadzera kunyumba, utenge zovala zako."

Atatero anakweza jumbo yawo, natuluka pageti. Anayenda osacheuka.

Amakaniko anali atagwira geti kuti lisatsekeke, akudikira yankho la Kamphepo.